Abale a kuno ku Joni, tisamagule kompyuta ya magemu poona dzina kapena magetsi ophethira

A Mkonzi,

Ndithokoze kaye pondipatsa mpata mu nyuzi yanuyi. Ife a kuno ku Joni timaiwerenga pa foni, wina ali mu takisi yochokera ku Bree, wina ali pa geti usiku akulondera nyumba ya bwana, nde ndaona kuti nkhani yangayi ikadutsira kwa inu ifika kwa anthu ambiri kusiyana ndikuti ndizingouza mmodzimmodzi tikatuluka mu tchalitchi. Nkhani yake ndi ya makompyuta a patebulo, aja a bokosi osati laputopu ayi, amene abale athu ayamba kugula kwambiri masiku ano, ena kugulira ana kuti azisewera magemu, ena akufuna akatsegule ka shopu ka magemu kumudzi kuti mayi a kunyumba azipezako ya ndiwo. Ndalama zikutayika a Mkonzi, ndalama zoti munthu wakhetsera thukuta miyezi ndi miyezi, ndipo ine zikundiwawa.

Loweruka lapitali kunabwera mnyamata wina wa kwathu ku Ntcheu kuchipinda kwanga ku Turffontein, timapemphera limodzi, amasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ina ku Randburg. Anafika atakulunga bokosi mu bulangeti ngati khanda, thukuta lili kamukamu. Akuti achimwene tandionereni, ndagula kompyuta ya magemu koma FIFA ikukana, ndikaitsegula sikirini imangoda kenako yatseka yokha. Titalumikiza ku magetsi, eee kukongola kwake, mbali imodzi ya galasi, mafani atatu kutsogolo akuyaka ofiira, obiriwira, a buluu, kusinthasintha, pamwamba anamatapo pepala lolembedwa Core i7 ndi zilembo zikuluzikulu. Anapereka R7,000, ndalama ya chipereganyu imene anaidikira kuyambira chaka chatha. Ndinamasula tima sikuluwu takumbuyo ndikuchotsa galasi lija. Purosesa, umene ndi ubongo wa kompyuta, inalidi i7, pamenepo sanamunamize, koma i7-3770, ya chaka cha 2012. Graphics card, khadi loyendetsa zithunzi za magemu, inali GT 710, kanthu kopyapyala kopanda ndi fani komwe, kamene ntchito yake ndi kungotulutsa chithunzi pa sikirini mu ofesi basi. Hard drive yosungiramo zinthu inali yakale ija yozungulira, yoti ukaika khutu umaimva ikukukuta. Power supply, yogawa magetsi ku zipangizo zonse zamkati, ndinaimasula nkumupatsa m'manja kuti tanyamula, anaiyezayeza nkunena kuti bwanji ikupepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndinati vuto lina ndi limenelo. Mnyamata uja anangokhala pa bedi phee osayankhula. Chikomekome cha nkuyu chija amanena akuluakulu, mkati muli nyerere, tsiku limenelo ndinachiona ndi maso.

Ine sindine injiniya. Ndinabwera kuno mu 2014, mkati mwa sabata ndimapakira katundu ku City Deep, zokonza makompyutazi ndimapanga pa wikendi ndipo ndinaphunzira pomasula zanga zomwe komanso za anzanga. Koma mabokosi amene adutsa pa tebulo langa ndi ambiri ndithu moti ndikhoza kunenapo kanthu.

Msampha waukulu ndi dzina loti i7 limeneli. Munthu akakuuza kuti ndikugulitsa Corolla sumangotulutsa ndalama, umafunsa kuti ya chaka chanji, chifukwa pali Corolla yoti inayenda nthawi ya Kamuzu komanso pali ya dzulodzuloli. Ndi chimodzimodzi mapurosesa a Intel. i7 yoyamba inatuluka mu 2008 ndipo kuchokera pamenepo akhala akutulutsa mibadwo yatsopano dzina lili lomwelo. Chinsinsi chili pa nambala imene imabwera kutsogolo kwake. i7-2600 ndi m'badwo wa 2, ya 2011. i7-3770 ija ndi m'badwo wa 3. i5-8400 ndi wa 8, pamene i3-12100 ndi wa 12, ya 2022, ndipo ka i3 kameneka kamaisiya kutali i7 ya mnyamata uja pa magemu ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Ogulitsa ena akudziwa bwino kuti ife timangomva i7 nkukomoka, nde amatenga zamkati za makompyuta akale a mu ofesi nkuziveka bokosi latsopano la magetsi. FIFA 23 yomweyo, isanasinthe dzina kukhala FC, eni ake analemba kuti pochepetsetsa imafuna i5-6600K, khadi la GTX 1050 Ti, RAM (posungira zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo) ya 8GB ndi malo okwana 100GB. Nde muone kuti GT 710 ikanaitha bwanji. Palinso nkhani ya Windows, Microsoft inathetsa chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel kuyambira m'badwo wa 8 kapena ya AMD ya Ryzen 2000 kupita mtsogolo, kuphatikizapo kanthu kena kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Wogula makina a m'badwo wa 3 kapena wa 4 lero akugula chinthu choti eni ake anachisiya kale.

Koma pa magemu mwini nkhani si purosesa, ndi graphics card. Ndalama yambiri ikuyenera kupita pamenepo osati pa mafani oyaka. Pa makhadi a Nvidia yang'anani manambala awiri omaliza, akakhala 10 kapena 30 monga GT 710, GT 730, GT 1030, amenewo ndi a mu ofesi, asakunamizeni kuti ali ndi 2GB kapena 4GB nde ndi amphamvu, kukula kwa nkhokwe sikutanthauza kuti muli chimanga. GT 1030 yomweyo ilipo mitundu iwiri, ina ya GDDR5 ina ya DDR4, dzina limodzi koma ya DDR4 ndi yofooka kwambiri. Magemu enieni amayambira pa 50, monga GTX 1650, ndipo ukafika pa 60, RTX 3060 kapena RTX 4060, kapena ku mbali ya AMD RX 6600, pamenepo mwana asewera FC, Fortnite, GTA V bwinobwino popanda chithunzi kudukaduka. Makhadi achinyengo aliponso, pa bokosi alemba GTX koma mkati muli kachipangizo kakalekale. Pali timapulogalamu taulere, CPU-Z ndi GPU-Z, ikani pa flash muzipita nato ku shopu, tiyatseni pamaso pa wogulitsayo muone chenicheni chimene chili mkati, ndipo muwauze atsegule gemu imene mukufunayo musewere mphindi 15 musanapereke ndalama. Akakana kuti ayi sitiyesa kuno, tulukani, mashopu ndi ambiri mu Joni muno. Makhadi ogwiritsidwapo kale ntchito ambiri anadzadza pa msika kuchokera mu Seputembala 2022 pamene anthu anasiya kukumba ndalama ya pa intaneti ija ya Ethereum, ena mwa iwo anayaka usana ndi usiku kwa zaka, sikuti onse ndi oipa ayi koma mvetserani fani ngati ikulira ndipo muone ngati khadilo silikutentha mopyola.

Tsopano za mayina akuluakulu. Pali abale ena amene akamva nkhani ngati ya mnyamata uja amati nchifukwa chake ine ndimangogula Dell kapena HP, za dzina, zina zonsezi ndi fong kong. Akunena zoona mbali imodzi. Ma Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi ProDesk, Lenovo ThinkCentre, ndi makina olimba kwabasi, anawapangira kuti aziyaka tsiku lonse mu ofesi chaka ndi chaka. Makampani akatha nawo zaka zingapo amawagulitsa nkugula ena, nde amafika kwa ife ngati kaunjika, otsukidwa bwino, pa mtengo wabwino. Ngati mukufuna kompyuta yoti mwana azilembera za kusukulu, kapena yotayipira ma CV ndi makalata pa trading centre, kapena ya msungichuma wa mpingo, ine ndimati gulani amenewa, wa m'badwo wa 8 kupita mtsogolo, muikemo SSD, chosungiramo zinthu chothamanga kuposa hard drive, basi mwathana nazo. Ma Dell amakhala ndi nambala yotchedwa Service Tag pa bokosi, mukailemba pa tsamba lawo la pa intaneti imakuuzani kuti makinawo anatuluka liti, anali ndi chani mkati, waranti inatha liti. A HP ndi Lenovo nawonso zimatheka ndi serial number. Chinthu chabwino chimenecho, wogulitsa sangakunamizeni zaka.

Koma mukati muwasandutse a magemu mpamene mumagunda khoma. Ambiri mwa amene amapezeka motchipa ndi aja a bokosi lopyapyala, khadi lalikulu sililowa, pamafunika lalifupi limene amati low profile. Power supply yake anaiyeza kuti ikwanire zimene zili mkatimo basi, nthawi zambiri pakati pa 180W ndi 260W, ndipo ilibe waya uja wa mapini 6 kapena 8 amene makhadi amphamvu amafuna. Nde umangodalira magetsi a pa slot, pobayika khadi pomwepo, amene sapitirira 75W, ndekuti malire ako ndi makhadi ngati GTX 1050 Ti, GTX 1650 kapena RX 6400 a low profile. Ukati ndisinthe power supply ndiike yaikulu, upeza kuti mitundu yambiri pulagi yolowa pa motherboard, bolodi lalikulu lija lolumikiza zipangizo zonse, ndi yawoyawo, si ya mapini 24 ija imene aliyense amagwiritsa ntchito, ndipo ngakhale malo omangira ndi osiyana.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi ndalama zanga mu 2018. Ndinagula ka bokosi kopyapyala ka dzina lodziwika, sinditchula, kanali kabwinobwino ndithu. Ndinasunga miyezi itatu nkugula khadi, kufika nalo kunyumba ndili ndi chimwemwe, kuyesa kulowetsa, lalitali, chivundikiro osatseka. Ndinati palibe kanthu chizikhala chotsegula. Kufunafuna waya wa magetsi a khadilo, mulibe. Mwezi wotsatira ndinagula power supply ina, pulagi yake osalowa pa motherboard. Ndinakhala pansi pa simenti zipangizo zili mbwee kundizungulira, ndalama ya lendi ya mwezi umenewo ili mmenemo, usiku umenewo sindinagone. Khadi lija ndinaligulitsa modula mtengo. Makinawo sanalakwe kanthu, anapangidwira ntchito ina, ine ndi amene sindinafunse.

Aliponso a mayina akuluakulu opangidwiradi magemu, Alienware ya a Dell, Omen ya a HP, Legion ya a Lenovo, Predator ya a Acer, ROG ya a Asus. Amenewo ndi makina abwino, umangotulutsa mu katoni nkulumikiza, chikavuta nambala yoimba ndi imodzi. Amene ali nayo ndalama ndipo sakufuna kugwira sikuludiraiva moyo wake wonse agule, sindingamuletse. Kungoti gawo lina la mtengowo ukulipira dzina ndi maonekedwe, ndipo ena mwa iwo motherboard ndi bokosi zimakhalabe za mapangidwe awoawo moti tsiku lofuna kusintha umakumana ndi zomwe zija. Komanso tinene zoona, mwa ife amene timatumiza ndalama kumudzi pa Mukuru mwezi ndi mwezi, fizi, feteleza, maliro, ndi angati angatulutse ndalama yonseyo kamodzi?

Nchifukwa chake kwa munthu wofuna magemu ine ndimalimbikitsa njira ya pakati, kompyuta yomanga ndi zipangizo wamba zoti chilichonse chimalowana ndi chinzake, motherboard ya ATX kapena micro-ATX, power supply wamba, bokosi wamba. Zipangizozi zimapezeka ku mashopu ngati Evetech ku Centurion, Wootware, pa Takealot ndi ena ambiri, ndipo ena amakumangiranitu ngati simukufuna kumanga nokha. Ubwino wake ndi woti zimayenda ngati mmene timamangira nyumba kumudzi, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata, kenako mazenera, osadikira kuti ndalama yonse ikwane. Mwachitsanzo a AMD ali ndi socket, pokhala purosesa pa motherboard, yotchedwa AM4 imene yanyamula ma Ryzen kuyambira oyambirira a 2017 mpaka a 5000, ndekuti motherboard imodzi ya B450 kapena B550 ikhoza kukutengerani zaka, kungosintha purosesa, nthawi zina kumafunika kaye kupanga update BIOS, kapulogalamu ka mu motherboard. Munthu akhoza kuyamba ndi Ryzen 5 5600G, imene ili ndi mphamvu ya zithunzi mkati mwake momwemo, osagula khadi kaye, mwana azisewera GTA V ndi timagemu tina topepukirapo atatsitsa ma settings, ndalama ikapezeka nkudzaikamo RX 6600 kapena RTX 3060, palibe chotaya. RAM muike timitengo tiwiri ta 8GB osati kamodzi ka 16GB, ikakhala iwiri imathamanga bwino makamaka pa purosesa ngati imeneyi. Windows ndi magemu zikhale pa SSD, hard drive yozungulira ija isungire mafilimu ndi zithunzi za ukwati. AM4 ndi yakale tsopano inde, yatsopano ndi AM5 ya 2022 imene imafuna RAM ya DDR5, amene thumba lake likulola ayambire pamenepo, koma kwa ambiri a ife AM4 ikugwirabe ntchito.

Pa power supply pokha ndikugwadireni abale anga, musaumire. Chinthu chimenechi sichioneka, sichiyaka magetsi okongola, nde ndi pamene omanga makompyuta otchipa amabera. Koma ikapsa simapita yokha, imatha kutenga motherboard ndi khadi lomwe. Gulani ya dzina lodziwika ngati Corsair, Seasonic, Cooler Master, ya 550W kapena 650W imakwana pa makhadi ndatchulawa. Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena za kusawononga magetsi, sichikutsimikizira zonse, komabe yopanda ndi chimenecho chomwe ine sindiyikhulupirira. Tonse tikukumbukira 2023 mmene load shedding inatizunzira, stage 6, magetsi kuzima kangapo pa tsiku, ndipo makina ambiri amafa nthawi imene magetsi akubwerera osati pozima. Onjezerani mphenzi za kuno ku Joni kuyambira Okutobala mpaka Malichi, masana kuli ngwee, pofika 4 koloko kumwamba kwada bii, kung'anima koopsa. Chaka chilichonse nyengo imeneyi ndimalandira mabokosi onunkha kupsa. Gulani pulagi yoteteza ija ya surge, mukakwanitsa ka UPS, kabokosi ka batire, ndi bwino koposa, sikuti muzisewerera magetsi akazima ayi, kamangokupatsani mphindi zochepa kuti muzimitse bwinobwino. Mvula ya mphenzi ikayamba zulani ku khoma, ndi waya wa intaneti womwe. Komanso m'zipinda zathu zogawanazi, extension imodzi pali ketulo, ayironi, hita, firiji, nde wina nkubayikaponso kompyuta, chonde ipatseni pake payokha. Kumudzi nakonso za magetsi a ESCOM mukuzidziwa nokha, ndekuti makina opita kumeneko afunika chitetezo chomwechi. Fumbi la mu Ogasiti lija nalonso limatseka mafani, kamodzi pa miyezi ingapo tsegulani mupemerere.

Nkhani ya chithandizo zinthu zikavuta ndi imene anthu saiganizira tsiku logula, mtima umakhala uli pa gemu. Apa ndivomereze kuti a mayina akuluakulu amapambana ukagula chatsopano, waranti ndi imodzi ya makina onse, ndipo pa makina a mu ofesi ena amachita kukutumizira munthu kudzakonza pomwe uli. Ya zipangizo wamba chilichonse chimakhala ndi waranti yakeyake, RAM payokha, khadi palokha, nde umayenera kudziwa kuti chafa ndi chiti kapena ukhale ndi munthu wokuthandiza kufufuza, pokhapokha ngati shopu inakumangira yokha nkukupatsa waranti ya bokosi lonse, zimene ndi bwino kufunsiratu. Kaunjika wa dzina uja waranti ya kampani inatha kalekale, yatsala ndi ya wogulitsayo basi, nde dzina la pa bokosi silikuthandizani kanthu pamenepo. Timashopu ta m'tauni tina ndi ta anthu okhulupirika ndithu, ndili nawo amene ndagulako kwa zaka, koma tina lero tilipo, mwezi wamawa mupeza akugulitsamo mawigi.

Chimene abale ambiri sadziwa nchakuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011. Limanena kuti katundu amene wagula kwa munthu wa bizinesi akapezeka ndi vuto pasanathe miyezi 6, uli ndi ufulu womubweza, ndipo wosankha ndi iweyo wogula kuti akukonzere, akusinthire kapena akubwezere ndalama. Akakukonzera, ntchito yokonzayo nayo imakhala ndi miyezi 3. Chikwangwani cholembedwa kuti no refund sichifafaniza lamulo limeneli. Zogula pa intaneti kwa a bizinesi nthawi zambiri pamakhalanso masiku 7 oti ukhoza kubweza. Ndipo pali ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud yolandira madandaulo mwaulere. Koma ife Amalawi ndi ofatsa mopyola, tikangokalipiridwa pang'ono timati basi zikomo bwana nkutuluka, ena chifukwa cha nkhani ya mapepala amaopa kuti ndikalimbalimba andiitanira apolisi, ndipo ogulitsa ena amadziwa mantha amenewa, amangomva kayankhulidwe nkudziwa kuti uyu sabweranso. Lamulolo likukamba za wogula, silinanene kuti akhale mzika ya dziko lino. Ngati mukuopa pitani awiri, tengani mnzanu wodziwa kuyankhula. Chachikulu ndi lisiti, ndipo likhale lolembedwa dzina la shopu, tsiku, ndi zamkati chimodzichimodzi ndi manambala ake, osati kungolemba kuti gaming PC. Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo chifukwa timapepala ta mu makina tija timafufutika pakangotha miyezi yochepa. Zogula kwa munthu wamba pa Facebook Marketplace lamuloli silikutetezani, pamenepo maso anu ndiwo waranti, kumanani pa malo a anthu ambiri pomwe pali magetsi oyesera, ndipo musatumize dipoziti kwa munthu amene simunamuone, ambiri alira nazo zimenezi.

Nanga zikakhala zopita kumudzi? Apa mpamene ine ndimaona kuti zipangizo wamba zimapambana kwambiri. Bokosi likangokwera basi pa Park Station kapena mwapatsira a transipota, ladutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, waranti ya shopu ya ku Joni yasanduka pepala chabe, palibe amene adzalipire ulendo wobwerera nalo kuno chifukwa cha power supply. Amene adzakonze ndi mnyamata wa ku Limbe, wa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ndi zipangizo zimene angazipeze kumeneko, ndipo power supply wamba kapena RAM wamba aipeza, koma ya pulagi yachilendo ija adzakuimbirani kuti achimwene tumizani kuchokera konko, makina nkukhala miyezi atafunditsidwa nsalu, bizinesi itaima. Nde musagule lero nkutumiza mawa. Khalani nayo mwezi wathunthu kuno, muziyatsa tsiku ndi tsiku, muziseweretsa mpaka itenthe, ngati pali chofooka chionekere mudakali pafupi ndi shopu. Potumiza zulani graphics card muikulunge payokha, chifukwa ndi yolemera ndipo mabampu a mumsewu uja amatha kuthyola slot, sikirini muyiike pakati pa mabulangeti. Lisiti lipite nawo chifukwa a MRA pa boda akhoza kulifuna powerengera msonkho. Musaiwalenso kuti pulagi ya kuno ndi ya mano ozungulira pamene ya kwathu ndi ya mano a makona, mphamvu ya magetsi ndi yofanana, nde ingogulani waya wina wa kumbuyo uja wonga wa ketulo wa pulagi ya kwathu, osati kukakamiza ndi timitengo mu soketi mmene ena amachitira.

A Mkonzi, mwina nthawi zina muzitipatsako ka danga mu nyuzi yanuyi kokamba za zipangizo ngati zimenezi m'Chichewa, chifukwa zambiri zimene zili pa intaneti ndi za m'Chingerezi ndipo amakamba mitengo ya ku America, pamene ogula athu ambiri ndi anthu oti akungofuna wina awauze mwachidule kuti ichi tenga ichi siya.

Za mnyamata uja, Lolemba ndinapempha kuweruka msanga tinapita limodzi ku shopu imene anagulako kompyuta ija. Lisiti lake linali lolemba pamanja, i7 gaming PC, basi. Mwini shopu anati palibe chimene ananama, i7 ndi imeneyo ndipo makina akuyaka. Ndinamuuza kuti munamugulitsa ngati ya magemu, atakuuzani gemu imene akufuna, tiyatseni pompano tione ngati isewere. Tinakangana pafupifupi ola lathunthu, mnyamata akungondikoka malaya kuti achimwene tiyeni tizipita. Ndalama anakana kubweza, koma mapeto ake anachotsa hard drive ija nkuikamo SSD, GT 710 anaitenga nkubweza R500. Ndinamuuza mnyamatayo kuti tikhoza kukadandaula ku ofesi ya Ombud ija, iye anati ayi zakwana, sindinamukakamize.

Mwayi wake bokosi la galasi lija ndi la muyezo wamba, nde silitayidwa, mafani akenso ndi abwinobwino. Pano lili pansi pa tebulo langa ndalifunditsa bulangeti lomwe lija. Tagwirizana kuti mwezi ukatha abweretsa ya power supply kaye, wotsatirawo motherboard ndi purosesa ndi RAM, khadi lidzabwera pomaliza ngati bwana wake amupatse bonasi. Akufuna kuti pofika Disembala ikhale itafika ku Ntcheu, mng'ono wake akulemba Fomu 4 chaka chino ndipo anamulonjeza.

Ndine wowerenga wanu,
Turffontein, Johannesburg